Masheya a kampani za foni: tisunge kapena tizigulitsa?

Kale mkangano wa ndalama m'banja unkakhala wa fodya. Bambo amapita ku okushoni ku Kanengo, mayi n'kutsala akudikira pakhomo osadziwa kuti mabelo apita pa zingati. Lero kwabwera nkhani ina yomwe makolo athu sankaidziwa, nkhani ya masheya. Achinyamata ambiri, ngakhale a kumudzi, amva kuti munthu wamba angathe kukhala mmodzi mwa eni ake a TNM kapena Airtel, ndipo ena agula kale. Chovuta chikumabwera akagula. Kodi awasunge, kapena azigulitsa mtengo ukakwera n'kudzagulanso ukatsika?

Funso limeneli landipeza kuchokera kwa mayi wina wachitsikana wa ku Mpingu, pamsewu wopita ku Mchinji. Iye ndi mwamuna wake ali ndi ana awiri. Amalima soya ndi mtedza, ndipo bamboyo ali ndi kamalo pamsika pomwe anthu amatumiza ndi kutapa ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba. Atagulitsa zokolola adagwirizana zoika gawo la ndalamazo m'masheya a makampani awiri a foniwa, poganizira sukulu ya ana kutsogolo. Tsopano bamboyo wayamba kumaona mitengo pafoni m'mawa ndi madzulo, ndipo akuti kusunga masheya chaka ndi chaka ndi tulo, anzake ochenjera amagula ndi kugulitsa. Mayiyo akukana. Akuti ndalamayo ndi ya ana, isakhudzidwe. Nkhaniyi yafika poti ena ayamba kugona choyang'ana kukhoma.

Ndiyankhe mosazungulira. Mwana wanga, pa nkhani yosunga ndili mbali yanu. Koma pali zina zomwe bambo akunyumbawo akuona zomwe inu simukuziona, ndiye nonse awiri mundimvere mpaka kumapeto.

Tiyambe ndi chinthucho. Sheya ndi kachigawo ka umwini wa kampani. Msika wake ndi Malawi Stock Exchange ya ku Blantyre, ndipo kampani yoyamba kugulitsa masheya kumeneko idali NICO m'chaka cha 1996. Mpaka lero makampani omwe ali pamsikawu safika 20, ndipo ambiri ndi mabanki ndi a inshulansi. Kunja akamakamba za masheya a makampani a luso lamakono amanena Apple, Microsoft ndi anzawo. Kwathu kuno omwe tingawaike m'gulu limenelo ndi awiri basi, TNM ndi Airtel Malawi.

TNM idalowa pamsikawu mu Novembala 2008, sheya imodzi ikugulitsidwa K2. Munthu amene adali ndi K20,000 nthawi imeneyo adapeza masheya 10,000. Airtel, yomwe ife achikulire tidaidziwa ili Celtel kenaka Zain, idalowa mu Febuluwale 2020 pa mtengo wa K12.69, ndipo idagulitsa kwa anthu magawo 20 pa 100 aliwonse a kampaniyo. K50,000 inkagula masheya pafupifupi 3,900.

Mwini masheya amapindula m'njira ziwiri. Yoyamba ndi gawo la phindu lomwe kampani imagawira eni ake ikachita bwino, lomwe amalitcha dividendi. Boma limadulapo msonkho, zotsalazo zimalowa ku akaunti yanu ya ku banki. Yachiwiri ndi kukwera kwa mtengo wa sheyayo, koma phindu limeneli limakhala la papepala mpaka tsiku lomwe mwagulitsa. Zili ngati nkhuku ya mazira. Mungathe kumatola mazira, mungathenso kugulitsa nkhukuyo. Koma mukaigulitsa musadzapitenso kukhola ndi mbale.

Tsono maganizo a bambowa si achilendo. Ndi nzeru ya venda, yomwe aliyense wa ku Mpingu, ku Msundwe kapena ku Namitete amaidziwa: gula chimanga mu Meyi chili chotchipa, gulitsa mu Januwale anthu akusowa. Ndipo ndi zoona kuti mitengo ya masheya imakwera ndi kutsika. Kusiyana kwake n'koti venda wa chimanga amadziwa mwezi womwe njala imafika. Mvula, kukolola, gwang'wang'wa, zonse zili ndi nyengo yake. Masheya alibe kalendala yotere. Palibe mwezi womwe munganene kuti uno ndiye wokwera.

Chachiwiri, bambo, ndi ndalama yomwe imadulidwa. Simungagule kapena kugulitsa masheya nokha. Mumadzera kwa broka wovomerezeka, monga Stockbrokers Malawi, Continental Capital kapena Cedar Capital, ndipo iye amadya pa ntchito yake. Pa ndalama zing'onozing'ono ngati zathuzi amadula pakati pa K1 ndi K2 pa K100 iliyonse, msonkho n'kubwera pamwamba. Amadula pogula, amadulanso pogulitsa. Tiyerekeze kuti muli ndi masheya a K100,000. Kugulitsa ndi kugulanso kamodzi kungakudyereni pafupifupi K4,000. Mukachita zimenezi kakhumi pachaka, mwapereka pafupifupi K40,000 musanaone phindu lililonse. Inu mumagwira ntchito ya ndalama za pafoni, mukudziwa bwino kuti amene amapindula kasitomala akamatapa pang'onopang'ono kangapo patsiku ndi ejenti, osati kasitomalayo. Kuno kasitomala ndinu. Kumbukiraninso kuti malamulo a msonkho pa phindu logulitsa masheya amasintha ndi bajeti ya boma, choncho broka akuuzeni zomwe zidulidwe musanalamule kuti agulitse.

Chachitatu ndi kuchepa kwa msika wathu. Masheya ambiri ali m'manja mwa makampani akuluakulu ndi mabungwe osunga ndalama za penshoni, omwe sagulitsa wamba. Pali masiku omwe mungafune kugulitsa koma wogula pa mtengo womwe mukufuna osapezeka. Palinso masiku omwe mtengo ukukwera, inu mukufuna kugulanso omwe mudagulitsa aja, koma wogulitsa palibe. Mtengo womwe mumauona pafoni ndi wa malonda omwe adachitika kale pakati pa anthu ena. Si lonjezo loti inunso mupatsidwa womwewo. Anthu ambiri amene amati adagulitsa pamwamba amabisa mbali yachiwiri ya nkhaniyo, yoti mtengo udapitirira kukwera iwo ali panja, ndipo pobwerera adagula masheya ochepa kuposa omwe adali nawo.

Ndiye pali funso loti mukupikisana ndi yani. Mbali inayo ya malonda anu nthawi zambiri kumakhala munthu wolembedwa ntchito yowerenga mabuku a makampani tsiku lonse. Nkhani ikamafika pagulu la WhatsApp la ku Mpingu, iye adaimva kale ndipo adachitapo kanthu.

Izi si za kuno kokha. Akatswiri awiri a ku America, Brad Barber ndi Terrance Odean, adafufuza mabanja oposa 66,000 omwe ankagula ndi kugulitsa masheya pakati pa 1991 ndi 1996. Adapeza kuti omwe ankagula ndi kugulitsa pafupipafupi kwambiri ankapindula pafupifupi 11 peresenti pachaka, pomwe msika wonse unkakwera ndi pafupifupi 18 peresenti. Kutanthauza kuti amene adagula masheya osiyanasiyana n'kukhala phee adawaposa. Ndipo kumeneko ndi ku America, komwe ogula ndi ogulitsa ndi ankhaninkhani. Kuli bwanji kwathu kuno?

Zaka zomwe ndidagwira ntchito yaunamwino zidandiphunzitsa kanthu kena pa nkhani yoyeza. Mwana timapita naye kusikelo kamodzi pamwezi. Sitimuyeza m'mawa ndi madzulo, chifukwa thupi la mwana limasintha ndi zomwe wadya, wamwa, ngakhale thewera lomwe wavala. Mayi amene angamuyeze ola lililonse angadwale ndi nkhawa mwanayo ali bwinobwino. Chomwe timaona pakhadi ndi mzere wa miyezi ingapo. Ukukwera? Waima? Watsika kawiri motsatizana? Apo ndiye timachitapo kanthu. Masheya nawo ndi choncho. Ndipo ndinene monga namwino: bambo amene amadzuka pakati pausiku kuona mtengo pafoni, n'kumakalipira ana chifukwa sheya yatsika ndi K3, akudziitanira matenda a kuthamanga kwa magazi. Khalidwe limeneli silisiyana kwenikweni ndi la anyamata obetcha mpira. Kusiyana kwake n'koti uku kumaoneka kwaulemu.

Komatu, mwana wanga, musathamangire kukawerengera bambo ndime zapamwambazi n'kusiya zotsatirazi. Kusunga masheya sikutanthauza kuwaiwala, ndipo si sheya iliyonse yosungidwa yomwe imalemeretsa.

Mdani wamkulu wa aliyense wosunga ndalama m'dziko muno ndi kugwa kwa kwacha. M'chaka cha 2008, pomwe TNM inkalowa pamsika, dola imodzi ya ku America idali pafupifupi K140. Kwacha idagwa kwambiri mu Meyi 2012, idagwanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpaka dola kufika pafupifupi K1,700 ku banki. Werengani bwino apa. Kuchoka pa K140 kufika pa K1,700 ndi kuchulukitsa ka 12. Ndiye kuti sheya ya TNM yomwe idagulidwa K2 imayenera kufika pafupifupi K24 kuti mwini wake angobweza mphamvu ya ndalama yomwe adaika, phindu lake n'kukhala madividendi omwe wakhala akulandira m'zakazi. Munthu akakuuzani kuti adagula pa K2 ndipo mtengo wakwera kakhumi, musafulumire kuomba m'manja. Mufunseni kuti thumba la feteleza lidali zingati nthawi imeneyo.

Kwa Airtel masamu ake adayenda mosiyana. Mu Febuluwale 2020 dola idali pafupifupi K740, kotero K12.69 ija imayenera kufika cha m'ma K30 kuti ifanane ndi kugwa kwa kwacha kwa 2023. Mtengo wake udadutsa pamenepo patangotha zaka zochepa, ndipo amene adagula pachiyambi n'kusunga adapindula. Makampani awiri, ntchito imodzi, dziko limodzi, koma zotsatira zosiyana. N'chifukwa chake mudachita bwino kugula onse awiri, ndipo mungachite bwino koposa mutaonjezerapo masheya a kampani ya mtundu wina, kaya banki kaya ya shuga, kuti mphepo ikaomba mbali imodzi musagwe nonse.

Makampani a foni ali ndi vuto lawolawo. Ndalama amalandira m'makwacha, kuchokera kwa ife ogula mayunitsi ndi mabandulo, koma zipangizo za pansanja, makina ndi ngongole zina amalipira m'madola. Kwacha ikagwa, ngongolezo zimatupa usiku umodzi. Ndi zomwe zidachitika m'chaka cha 2023, pomwe TNM ndi Airtel onse adalengeza kuti aluza. Amene adali ndi masheya adaona okha kuti chaka choipa dividendi imachepa kapena kusowa kumene. Ngati mumawerengera ndalama imeneyo kuti mulipire fizi ya teremu yoyamba, mwana adakhala pakhomo.

Palinso chikhalidwe cha luso lamakono, chomwe sichidikira munthu. Ndani wa ife sadagwirepo Nokia, ija yolimba yokhala ndi tochi? Cha m'ma 2007 pafupifupi mafoni anayi mwa khumi aliwonse ogulitsidwa padziko lonse adali a Nokia. Chaka chomwecho kudatuluka iPhone, kenaka mafoni a Android, ndipo pofika 2014 Nokia idali itagulitsa bizinesi yake ya mafoni kwa Microsoft. Amene adasunga masheya a Nokia akuti kampani yaikulu siingagwe adalira. Ku America nako, masheya a makampani a intaneti adakwera mopenga mpaka Malichi 2000, kenaka msika wawo wa Nasdaq udataya magawo oposa atatu mwa anayi pofika Okutobala 2002. Udadzabwereranso pomwe udali m'chaka cha 2015. Zaka 15. Mwana yemwe adali m'mimba nthawi yakugwayo adali atalowa sekondale. Makampani ena monga Amazon adadzuka n'kukula kwambiri, koma ambiri adatheratu.

Ndiye kusunga kwanzeru n'kotani? Kawiri pachaka makampani a pamsikawu amasindikiza m'nyuzipepala momwe ayendetsera bizinesi, pakati pa chaka ndi kumapeto. Malamulo amawakakamizanso kuchenjeza anthu pasadakhale ngati akuona kuti phindu lawo lisiyana ndi lakale ndi 20 peresenti kapena kuposerapo. Masiku amenewo ndiye sikelo yanu. Khalani pansi awirinu, ana atagona, muone zinthu zochepa chabe: kodi ndalama zomwe kampani yalandira zikukula kuposa momwe mitengo ya zinthu ikukwerera? Yapeza phindu kapena yaluza, ndipo chifukwa chake akuti n'chiyani? Ngongole zake zikukula? Dividendi ilipo? Kuluza kwa chaka chimodzi kaamba ka kugwa kwa kwacha ndi malungo, amapola. Koma kuluza zaka zitatu zotsatizana, makasitomala akuthawa, amenewo ndi matenda ena.

Apa bambo ali ndi mwayi womwe anthu a m'maofesi a ku Blantyre alibe. Tsiku lililonse amaona okha kuti anthu a ku Mpingu akugwiritsa ntchito netiweki iti, akudandaula za iti, achinyamata akugula mabandulo a kampani iti. Nzeru imeneyo siingakuuzeni mtengo wa mawa, koma ingakuuzeni ngati kampani ikulimba kapena ikufooka m'zaka zikubwerazi. Igwiritseni ntchito pamenepo, bambo.

Kugulitsa sikoletsedwa. Gulitsani chifukwa chomwe mudagulira chikafika, monga mwana akasankhidwa kupita kusekondale. Ndipo musadikire sabata yotsegulira sukulu. Yambani kugulitsa pang'onopang'ono chaka chimodzi nthawiyo isanakwane, chifukwa msika ungadzatsike mwezi womwewo womwe mukufuna ndalama. Gulitsaninso mukaona kuti kampaniyo ikudwala matenda osapola, kapena ngati chuma chanu chonse chaunjikana pa kampani imodzi. Kugulitsa chifukwa choti mnzanu wa pa bawo wati mtengo utsika si chifukwa.

Ngati dzanja la bambo likuyabwabe, gwirizanani kachigawo kakang'ono, mwina K10 pa K100 iliyonse, koti ayesere nzeru zawozo. Kachoke pa ndalama yawo ya m'thumba, osati ya ana. Alembe m'kope chilichonse: tsiku, mtengo, zomwe broka wadula. Pakatha chaka muyerekeze ndi masheya omwe mudasunga aja. Kope silinama, ndipo lidzathetsa mkangano kuposa ankhoswe.

Pali ndalama zomwe siziyenera kupita ku masheya ngakhale pang'ono. Ya feteleza ndi mbewu. Ya fizi ya chaka chino. Ngongole ya ku banki mkhonde, yomwe chiwongoladzanja chake chimawerengedwa pamwezi pomwe dividendi imabwera kamodzi kapena kawiri pachaka. Za katapila ndiye ndisanene. Komanso ndalama ya matenda. Mwana akatentha thupi pakati pausiku mumafunika ya njinga yamoto kapena galimoto, ndipo mukapita ku St Gabriel's ku Namitete kumafunika kulipira. Masheya sagulitsidwa usiku, ndipo ngakhale agulidwe mawa lake ndalama yake imatenga masiku kuti ifike. Ndaonapo makolo akufika mochedwa kuchipatala ndi mwana chifukwa amayamba asaka ndalama. Musanagule sheya ina, onetsetsani kuti muli ndi ndalama yokwana miyezi itatu ya pakhomo yomwe mungaitape tsiku lomwelo.

Ndichenjezenso za anthu omwe akuyenda m'mafoni akuti tumizani ndalama pa nambala iyi tikugulireni masheya a Apple kapena Tesla, pakatha sabata mulandira kawiri. Reserve Bank yakhala ikuchenjeza za anthu otere. Masheya enieni sagulidwa potumiza ndalama ku nambala ya munthu. Mumatsegula akaunti kwa broka wovomerezeka, mumapereka chiphaso chanu chaunzika ndi akaunti ya ku banki, ndipo masheyawo amalembedwa m'dzina lanu m'kaundula wa masheya yemwe amasungidwa pakompyuta. Aliyense wolonjeza phindu lotsimikizika pa masheya ndi wakuba, ngakhale akhale wa mpingo wanu.

Chomaliza n'chomwe chimandipweteka mtima kwambiri, chifukwa ndakhala pambali pa mabedi ambiri pomwe bambo akutsirizika mayi osadziwa chomwe ali nacho. Mbuzi zimaoneka m'khola, njinga imaoneka pakhonde, koma masheya saoneka. Madividendi ambiri amakhala osatengedwa chifukwa eni ake adamwalira, adasamuka kapena adatseka akaunti ya ku banki osauza aliyense. Mwana wanga, m'kalata yanu simudanene kuti masheyawo ali m'dzina la yani. Funsani lero. Ngati ali m'dzina la bambo okha, funsani broka za kuwalemba m'maina a nonse awiri, kapena gawanani kuti ena akhale m'dzina lanu. Sungani pamalo amodzi, m'pulasitiki, mapepala a broka, nambala ya akaunti ya masheya ndi makope a ziphaso zanu, ndipo aliyense adziwe pomwe ali.

Lembaninso wilo. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana, ndipo kulanda chuma chamasiye ndi mlandu, koma lamulo silingateteze chinthu chomwe palibe akuchidziwa. Wilo siiitana imfa. Tchulanimo masheyawo, kampani yake ndi broka wake, musayine pamaso pa mboni ziwiri zomwe sizilandira kanthu pa chumacho, ndipo mukasintha nambala ya foni kapena akaunti ya ku banki mudziwitse broka sabata yomweyo.